Penti ya galimoto yamagetsi yongogula kumene ikasupuka, mlandu ndi wa ndani?

Mizere ya kumalo omwetsera mafuta, imene inatisautsa mu 2022 n'kubweranso kumapeto kwa 2024, inachititsa anthu ambiri kuyamba kuganizira za galimoto yoyendera magetsi. Magalimotowa akadali ochepa m'dziko muno, koma akulowa: ena ndi a Nissan Leaf amene anayendapo kale ku Japan, ena ndi atsopano opangidwa ku China. Wogula amafunsa za batire, za kotchajira, ndi za mtunda umene galimoto ingayende. Penti amadzaiona bwino atafika kale pakhomo. Kwa munthu wa kwa Chitukula ku Lilongwe, amene akangopatuka pa tala wa M1 amalowa mumsewu wafumbi, kuchedwa kumeneku kumadula. Galimoto ikangolawa fumbi lathu, wogulitsa wapeza kale poloza chala.

Galimoto yatsopano ingakhale bwanji ndi penti yolakwika? Si makina amene amapenta?

Ndi makina, inde, koma ntchitoyo imadutsa m'magawo angapo, ndipo paliponse pakhoza kuphonyeka. Thupi la galimoto, lisanaikidwe mipando, mawaya kapena batire, limatsukidwa ndi mankhwala, kenako limamizidwa lonse m'thanki ya utoto momwe mukudutsa magetsi. Magetsiwo amakokera utotowo m'makona onse, ngakhale mkati mwa zitseko momwe chopopera sichingafike. Utoto woyambawu ndiwo umatchinga dzimbiri, ndipo amauwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 170 mpaka 180. Pamwamba pake amaikapo primer, kenako mtundu umene maso athu amaona, ndipo pomaliza clear, yoonekera mkati, imene imawalitsa galimoto ndi kutchinga dzuwa. Izinso amaziwotcha, pa madigiri pafupifupi 140.

Zonsezi pamodzi nthawi zambiri zimachindikala mamaikuloni 100 mpaka 150. Mamaikuloni 1,000 ndiwo milimita imodzi, ndipo pepala la mu ofesi lili ndi pafupifupi 100. Ndiye kuti chimene chikuteteza chitsulo cha mamiliyoni anuwo sichikwana ndi mapepala awiri omwe. Pa kupyapyala kotere, kafumbi kamodzi kogwera penti ikadali yaiwisi kamasiya kachiphuphu. Chopopera chikachedwa pamalo amodzi, penti imayenderera n'kuuma ili choncho. Chikafulumira, m'mphepete mwa zitseko ndi kunsi kwa thupi mumatsala mopereŵera. Uvuni ukapanda kupsereza mokwanira, penti imakhala yofewa, yosachedwa kukalika. Choipa kwambiri ndi pamene utoto wapansi ndi wapamwamba sunagwirane: kunja galimoto imawala bwinobwino, koma pakapita nthawi penti imayamba kumatuka zibenthuzibenthu.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa ambiri. Mabampala ndi apulasitiki, ndipo amapentedwa paokha, nthawi zina ndi kampani ina. N'chifukwa chake mtundu wa bampala umasiyanako pang'ono ndi wa thupi, makamaka pa magalimoto oyera onyezimira ndi a siliva. Kusiyana pang'ono kotereku kumapezeka ngakhale pa magalimoto odula kwambiri.

Kodi ndi vuto la magalimoto a magetsi okha?

Ayi. Penti sidziŵa kuti pansi pake pali injini kapena batire. Chimene chinapatsa magalimoto a magetsi mbiri imeneyi ndi liwiro limene makampani ena anakulira nalo. Nkhani yodziŵika kwambiri ndi ya Tesla. Mu 2020, kafukufuku wa J.D. Power wa ku America, amene amafunsa eni magalimoto atsopano, anapeza mavuto 250 pa magalimoto 100 alionse a Tesla, pamene makampani onse pakatikati anali pa 166, ndipo penti ndi kusalumikizana bwino kwa zitseko ndi mbali zina za thupi zinali m'gulu la madandaulo akulu. Chaka chomwecho eni Model 3 a ku Quebec ku Canada anatengera kampaniyo kukhoti pa nkhani ya penti yosupuka kunsi kwa thupi. Kumayambiriro kwa 2021, mkulu wa kampaniyo Elon Musk, pocheza ndi katswiri wa magalimoto Sandy Munro, anavomera kuti pamene ankathamangitsa ntchito kuti atulutse magalimoto ambiri, penti inkapatsidwa nthawi yochepa youmira.

Koma ife tisayang'ane kutali chotero. Mu 2019 kampani ya Toyota ku Japan inalengeza kuti ikonza kwaulere penti yoyera yonyezimira, ya nambala 070, pa magalimoto ena monga Alphard, Hiace ndi Land Cruiser Prado, ndipo inatalikitsa nthawi yodandaulira kuchoka pa zaka 3 kufika pa 10. Chifukwa chimene inapereka n'chofunika kuti tichimve: pomwe utoto wapakati unali wopyapyala, dzuwa ndi mvula zinkafooketsa kugwirana kwake ndi utoto wapansi, penti n'kuyamba kusendeka. Amenewa ndi magalimoto a petulo ndi dizilo, a mitundu yomwe yadzaza m'misewu ya Lilongwe. Mukaona Toyota yoyera yosupuka padenga, pansi pakuoneka utoto wotuwa wosalala, si nthawi zonse pamene mwini wake anaisamala molakwika.

Nanga ndisiyanitsa bwanji cholakwika cha kufakitale ndi chimene chachitika panjira?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, chifukwa galimoto yofika kwa Chitukula yadutsa m'manja ambiri. Yakhala padoko, yakwera sitima masabata angapo mumphepo yamchere, yatsikira ku Dar es Salaam, ku Beira kapena ku Durban, ndipo yadikira pachipata cha Songwe, Dedza kapena Mwanza. Galimoto ya petulo ambiri amangoiyendetsa kuchokera kudoko. Yamagetsi siingatero mosavuta: Leaf yakale, ya batire ya 24 kWh, siifika makilomita 200 isanafune kutchajidwa, pamene kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 1,400. Choncho imabwera itakwera thiraki, yomangidwa malamba kapena matcheni, ndipo ikakhala m'munsi imadontheredwa mafuta a galimoto ya pamwamba pake. Mafuta a mabuleki ndiwo oopsa, amadya penti.

Njira yoyamba yosiyanitsira ndi kufunsa kuti: cholakwikacho chili pansi pa clear kapena pamwamba pake? Kachiphuphu kamene clear yakakuta bwinobwino, kosalala mukakapapasa, kanaloŵa penti ikadali yaiwisi. Kameneko si ka panjira. Penti yoyenderera, malo opereŵera utoto mkati mwa zitseko, ndi khungu lokhakhala ngati la lalanje mbali imodzi pamene mbali inayo ndi yosalala, zonsezi zinachitika popenta. Koma timadontho tofiirira pa galimoto yoyera, timene timamveka ngati mchenga mukayendetsa dzanja, nthawi zambiri ndi tizitsulo ta padoko kapena panjanji timene tinamatirira pamwamba n'kuchita dzimbiri. Timeneto timachoka, ndipo si mlandu wa fakitale.

Yachiŵiri ndi malo ake ndi maonekedwe ake. Mwala umamenya kutsogolo: pa bampala, pamphuno pa boneti, pa magalasi a m'mbali, ndi kunsi kuseri kwa matayala. Umasiya kabowo kakang'ono kozungulira. Lamba wa pathiraki amasiya mkwapulo wautali pafupi ndi tayala. Penti yosagwirana imachita zosiyana. Imayambira padenga, pa boneti kapena mozungulira mawindo, kumene miyala siifika kaŵirikaŵiri, imasendeka mokulira, ndipo pansi pake pamakhala posalala, popanda chokala chilichonse.

Palinso gulu lachitatu limene ogula ambiri saliganizira: galimoto imene inapentedwanso isanafike kwa inu. Izi zimachitika ngakhale pa yatsopano, ikakalika padoko kapena kwa wogulitsa. Yang'anani ufa wa penti pa malabala a mawindo, mzere wa pomwe panamatidwa tepi mkati mwa chitseko, ndi mabawuti a boneti amene akuoneka kuti sipanala inawagwirapo. Kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti kamaulula msanga: chitseko chimodzi chikamaonetsa 300 pamene zinzake zili pa 120, chinapentedwanso, ndipo pomwe pafika 1,000 pali fila. Maginito okulunga m'kansalu amathandizanso, chifukwa sagwira bwino pa fila, koma samalani: magalimoto ena a magetsi ali ndi boneti kapena zitseko za aluminiyamu, ndipo pamenepo maginito sagwira ngakhale palibe cholakwika.

Wogulitsa akuti vuto ndi msewu wa kwathu. Kodi akunama?

Pa zina akunena zoona. Galimoto yamagetsi imalemera kuposa inzake ya msinkhu womwewo, chifukwa batire yokha ya Leaf ndi makilogalamu pafupifupi 300. Mphamvu yake imabweranso nthawi imodzi mukangoponda, ndiye pamsewu wa miyala matayala amaponya timiyala kunsi kwa zitseko kuposa momwe munazoloŵerera. Ku Canada kuja, Tesla inafika popereka kwaulere zotchinga matope za kuseri kwa matayala, chifukwa mchenga ndi mchere wa m'misewu ya chisanu zinkapala penti pamalo omwewo. Kwathu kuno, ntchito yokonzanso M1 kuyambira pamphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kulowera ku Kasungu, imene inakhazikitsidwa mu 2022, inadutsitsa anthu a mbali ino m'misewu yapambali ya fumbi ndi miyala kwa nthawi yaitali. Tibowo ta kutsogolo ndi ta kunsi, vomerani, ndi ta msewu.

Koma ndikukana kuti mawu akuti "mumakhala kumudzi" akhale yankho la chilichonse. Fumbi silisenda penti padenga. Fumbi siliika kachiphuphu pansi pa clear. Ndipo dzuŵa la kuno, ngakhale ndi laukali, poti Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 ndiponso sali kutali ndi pakati pa dziko lapansi, silimatula penti yabwino m'miyezi itatu. Chimene limachita ndi kuulula msanga penti imene inali yofooka kale. Wogulitsa amene walandira ndalama kwa munthu wa kwa Chitukula, ku Kabudula kapena ku Nsaru akudziŵa bwino kumene galimotoyo ikupita. Misewu ya dothi ndiyo yochuluka m'dziko muno, ndipo katundu wogulitsidwa kuno ayenera kupirira moyo wa kuno.

Ndiyang'ane liti, ndipo motani?

Musanasaine, komanso galimoto isanachoke pamalo pomwe mukuilandirira. Pemphani kuti itsukidwe ndi kuuma. Musailandire madzulo kutada, kapena ili yonyowa ndi mvula, chifukwa madzi amabisa zokala. Ngati yabwera ndi mapepala oyera apulasitiki omata padenga ndi pa boneti, achotsedwe inu mukuona. Kuwala kwa m'maŵa kapena kwa dzuŵa litapendeka ndiko kwabwino; imani chapambali n'kuyang'ana motsatira thupi la galimoto, osati molunjika. Tochi ya foni, yowalitsa chopendeketsa, imaonetsa timafunde ndi tiziphuphu. Tsegulani zitseko zonse, boneti, buti ndi kachitseko ka potchajira. Gwadani, muone kunsi.

Chilichonse chimene mwapeza chijambuleni kaŵiri, chapafupi ndi chapatali pomwe nambala ya galimoto ikuoneka, ndipo chilembedwe papepala lolandirira katundu, wogulitsa asainire. Lonjezo la pakamwa lakuti "bwerani nayo sabata yamaŵa tidzakonza" lilibe mphamvu tsiku limene munthu amene analonjezayo sali pantchito. Ambirife timachita manyazi kugwada pansi pa galimoto pamaso pa bwana wovala suti, ngati kuti tikumuyesa wakuba. Manyaziwo asiyeni kunyumba. Wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi wogula amene akuyang'anitsitsa.

Yanga ndaitanitsa ku Japan. Kwa ine ndi yatsopano. Ndili ndi ufulu womwewo?

Wocheperapo, ndipo ndi bwino kudziŵiratu. Waranti ya penti nthawi zambiri imakhala yaifupi kuposa ya batire, imene makampani ambiri amaika pa zaka 8, ndipo kaŵirikaŵiri imagwira ntchito m'dziko kapena m'chigawo chimene galimotoyo inagulitsidwa koyamba. Leaf ya zaka khumi ikamafika ku Songwe, za fakitale zinatha kalekale.

Chimene muli nacho ndi pepala la ku okushoni ya ku Japan, ngati galimotoyo inadutsa kumeneko. Pamakhala chithunzi cha galimoto chokhala ndi zilembo: A ndi pokalika, U ndi pophwanyika moloŵa mkati, W ndi pomwe panakonzedwa n'kupentedwanso, S ndi dzimbiri, XX ndi mbali imene inasinthidwa, ndipo nambala yotsatira chilembo ikamakula, vutonso ndi lalikulu. Giredi R imatanthauza kuti galimotoyo inakonzedwapo itachita ngozi. Pemphani pepalali musanatumize ndalama. Ejenti amene akulikaniza, kapena akupatsani lofufutika, wakuuzani kale zambiri. Ngati pepala silinatchule chokala chimene mwachipeza, ndiye kuti mwina chachitika panjira, ndipo ofunsidwa ndi onyamula katundu kapena a inshuwalansi ya ulendowo, ngati munailipira.

Wogulitsa akakana, ndikadandaule kuti?

Yambani ndi kalata kwa iye mwini, yokhala ndi deti, zithunzi, ndi chimene mukufuna: kukonza, kuchotserako mtengo, kapena kubweza. Sungani kope. Akapanda kuyankha, pitani ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene likulu lake lili mumzinda wa Lilongwe ndipo limalandira madandaulo a ogula. Bungweli lakhala likuchenjeza amalonda kuti chikwangwani chakuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichichotsa ufulu wa wogula pa katundu wolakwika, ndipo lamulo latsopano la 2024 linalionjezera mphamvu zolanga ophwanya malamulo. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003, ndi bungwe la Consumers Association of Malawi limene limalankhulira ogula. Onsewa angakuthandizeni pa wogulitsa amene ali m'dziko muno. Kampani imene ili ku Japan kapena ku China, yomwe munaitumizira ndalama nokha, ndi yovuta kuifikira.

Abale amene akugula ku South Africa, kumene BYD inayamba kugulitsa magalimoto ake mu 2023, ali ndi lamulo la kumeneko la 2008 limene limapatsa wogula miyezi 6 yobweza katundu wolakwika kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, komanso ofesi ya Motor Industry Ombudsman yomva milandu ya magalimoto. Koma galimoto ikawoloka Beitbridge n'kufika kuno, kuibwezanso kumeneko ndi ndalama zina zambiri. Yang'anitsitsani mukadali ku Johannesburg.

Bwanji ndingopita nayo kwa opopera penti, nkhani ithe?

Musafulumire, pa zifukwa ziŵiri zosiyana. Choyamba ndi cha umboni. Mmisiri akangodutsitsa sandipepa kapena makina opolishira, chimene mukanaonetsa chafufutika, ndipo wogulitsa adzati anawononga ndi amene munawapatsa. Aone kaye iye, akane kapena avomere polemba.

Chachiŵiri ndi chakuti penti ya kugalaja siifanana ndi ya kufakitale. Sindikunyoza amisiri athu. Mu Lilongwe muli anthu a dzanja labwino, otha kusakaniza mtundu mpaka osasiyanitsa. Koma palibe angaike galimoto yathunthu, ya mipando ndi mawaya, mu uvuni wa madigiri 140. Penti yokonzera imauma ndi mankhwala oumitsira, pa mpweya wamba kapena pa kutentha kocheperako. Ndipo akapala mpaka pachitsulo, utoto woyamba uja womiza m'thanki wapita, sungabwezeretsedwe. Amene amapopera pabwalo, m'mwezi wa Okutobala kamvuluvulu akuzungulira, adzakubwezerani tiziphuphu tochuluka kuposa timene munapita nato.

Pa galimoto yamagetsi pali zinanso zokhudza moyo wa munthu. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti 350 mpaka 400 pa magalimoto ambiri, mphamvu yokwanira kupha. Batire ili pansi pa mipando, m'mimba mwa galimoto, ndiye jeke woikidwa pamalo olakwika angaiboole kapena kuipinda. Kuwotcherera pafupi nayo, kapena kuiika m'chipinda choumitsira penti chotentha kwambiri, kumaiwononga. Makampani amalemba m'mabuku awo malire a kutentha, ndipo pa magalimoto ambiri malirewo sapitirira patali madigiri 60. Mufunseni mmisiri ngati anagwirapo galimoto yotere ndipo ngati akudziŵa kuzimitsa magetsi aakuluwo. Akayankha kuti galimoto ndi galimoto basi, musamusiyire. Mabampala ambiri alinso ndi timaso tothandiza poimika galimoto, ndipo penti yochindikala kapena fila pamwamba pake imatisokoneza. Mukasintha mtundu wa galimoto yonse, kadziŵitseni a Road Traffic, poti mtunduwo unalembedwa m'mapepala a galimoto.

Ndiye ngati cholakwikacho n'chaching'ono, ndingochisiya?

Nthawi zambiri, inde. Kachiphuphu kamodzi, kapena khungu lokhakhala pang'ono, munthu wodziŵa akhoza kulisalaza ndi polishi popanda kupentanso, ngakhale polishi aliyense amadyako clear, ndiye si chochita mwezi ndi mwezi. Ine ndingasankhe kuchotseredwa mtengo, polemba, n'kusunga penti ya kufakitale, kusiyana ndi kupentetsanso chitseko chonse chifukwa cha kadontho. Chosasiya ndi penti imene ikusendeka, ndi paliponse pomwe chitsulo chaonekera. Kusendeka sikuima pakokha; madzi amaloŵa m'mphepete n'kupitiriza kukanula.

Pokhala kwa Chitukula, ndichite chiyani kuti penti ikhalitse?

Chimene chimawononga magalimoto ambiri kuno si mwala koma kansanza kouma. Galimoto yafika yofiira ndi fumbi, mwana kapena mlonda mwaulemu wake waipukuta m'maŵa, ndipo mchenga uli m'fumbimo wapala clear. Muuzeni mokoma kuti madzi ayambe, ambiri, kutsitsa fumbi, nsalu ibwere pambuyo. Gwiritsani ndowa ziŵiri, ina ya sopo ina yotsukuluzira nsalu, ndipo yambirani padenga kutsikira pansi. Sopo waufa wochapira zovala ndi waukali, amachotsa polishi n'kusiya penti yambuu. Madzi a pamjigo ena amasiya timawanga toyera akauma padzuŵa, choncho tsukirani pamthunzi n'kupukuta asanaume. Pomwe penti yayamba kusendeka, ndi pakachitseko ka potchajira, musalozepo paipi ya madzi amphamvu.

Mthunzi wa mtengo wa mango umakopa, koma zitosi za mbalame ndi za mileme zimapsereza clear m'masiku ochepa kukatentha. Zichotseni tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa. Kashedi ka malata kapena ka udzu n'kabwino kuposa chinsalu chofunditsa galimoto, chifukwa chinsalucho chikafunda galimoto yafumbi, mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imachikhuza pa penti usiku wonse. Ikani zotchinga matope kuseri kwa matayala onse anayi, ndipo ngati thumba likulola, matani pulasitiki yoonekera mkati kunsi kwa zitseko ndi pamphuno pa boneti. Nyengo ya fodya, pamene malole akuthamangira ku okushoni ku Kanengo, siyani mpata waukulu kumbuyo kwawo, makamaka pomwe tala wadyeka m'mbali.

Tibowo ta miyala titsekeni mvula isanayambe mu Novembala. Nambala ya penti ya galimoto yanu imalembedwa pa kachikwangwani kamene nthawi zambiri kamakhala pamphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti. Pitani nayo nambalayo kwa osakaniza penti, akupatseni kabotolo kakang'ono. Tsukani kabowoko, kaume, chotsani dzimbiri ngati layamba, ndipo donthezanimo penti ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, pang'onopang'ono, kaŵiri kapena katatu, mukudikira kuti yoyamba iume musanaonjezere ina.